Mtundu umayamba kufera pakamwa: phunziro la a Chamorro kwa ife a ku Utale

Funsani mwana wa Sitandade 8 pa Utale kuti dzina la dera lake limatanthauza chiyani. Adzakuuzani kuti Utale ndi mishoni, kapena chipatala, kapena siteshoni ya sitima. Zonsezo n'zoona, koma liwuli ndi lakale kuposa tchalitchi ndi njanji. M'chiyankhulo cha makolo, utale ndi mwala wa chitsulo, uja amisiri ankakumba n'kusungunula m'ng'anjo kuti asule makasu, nkhwangwa ndi mikondo. David Livingstone atayenda m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akusula zitsulo, akulima thonje ndi kuwomba nsalu zawozawo. Lero ng'anjo zinazima, ndipo liwu lotchula mwalawo latsala pa zikwangwani basi.

Ine ndine mbadwa ya konkuno, chakumunsi kwa mtsinje wa Rivirivi, dera lomwe mpaka 1998 linkawerengedwa ku Machinga koma lero lili m'boma la Balaka. Kuchikazi ndine Myao, kuchimuna kuli magazi a Angoni a ku Ntcheu, ndipo m'mudzi mwathu muli akamwini Achilhomwe ndi Achisena. Chomwe chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi ichi: pa maliro, pa ukwati ngakhale pa bwalo la mfumu, Chiyao chikumveka mwa apo ndi apo, Chilhomwe chimachita kupemphedwa kwa agogo, pomwe Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ngoma. Ana akukula osadziwa komwe mbumba yawo inachokera, ndipo ena ayamba kugulitsa minda ya mbumba ngati akugulitsa nkhuku. Kutali kwambiri, pa zilumba za m'nyanja ya Pacific, kuli mtundu wotchedwa a Chamorro omwe anadutsa kale m'njira yomweyi. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma tisanawoloke nyanja, tiyambe ndi zakwathu.

Tinachokera kuti?

Oyamba kudziwika m'chigwa chino ndi Amang'anja, nthambi ya Amaravi, omwe abale awo a kumunsi kwa Shire akusungabe kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Ayao anabwera pambuyo. Kwawo kwenikweni ndi ku phiri lotchedwa Yao, kumpoto kwa Mozambique, pakati pa nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Lujenda. Mbiri imeneyi inalembedwa ndi Myao mwini, wansembe wa Anglican Yohanna Barnaba Abdallah, m'buku la Chiikala cha Wayao lomwe linasindikizidwa ku Zomba mu 1919. Mtunduwu utabalalika kuchoka paphiripo, magulu ake anatenga mayina a malo omwe anakakhalako: Amachinga, Amangoche, Amasaninga ndi ena. Dzina la boma la Machinga likuchokera kwa Amachinga amenewa. Gulu la Achisi linali la amisiri a zitsulo, ndipo ndi iwo ankayenda mudzi ndi mudzi kusinthanitsa makasu. Maulendo amenewa anakula mpaka Ayao anafika ku Kilwa, kugombe la nyanja ya mchere.

Cha m'ma 1850 ndi 1860, njala ndi nkhondo zinakankhira Amachinga kumadzulo, nadzakhazikika mbali zonse ziwiri za Shire. Mayina a mafumu awo, Kawinga, Liwonde, Nsamala ndi Kalembo, tikuwatchulabe mpaka lero. Tisabise mawu: malonda a minyanga ya njovu ankayendera limodzi ndi malonda a akapolo, ndipo ogwidwa ambiri anali Amang'anja. Britain italanda dziko lino mu 1891, Harry Johnston anamenyana ndi mafumu a Chiyao mpaka 1895 pomwe Kawinga ndi Jalasi anagonja. Mu 1896 Gomani Chikuse, mfumu ya Angoni a Maseko, anaphedwa ndi asilikali a atsamunda. Alhomwe anayamba kulowa mwaunyinji chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 pothawa nkhanza za Apwitikizi. Ambiri anakagwira thangata m'minda ya azungu ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, ndipo zidzukulu zawo zinafika kuno pofuna malo olima.

Choncho aliyense wa ife ndi mdzukulu wa wogwidwa, wogwira kapena wothawa, ndipo ena mwa ife ndi zidzukulu za onse atatu. Mbiri yotere imawawa, komabe mwana woidziwa sanyoza mnzake chifukwa cha mtundu.

Mzikiti, mishoni ndi sukulu

Chisilamu chinafika ndi amalonda a kugombe, ndipo mafumu monga Makanjila anachilandira cha m'ma 1870. Ansembe a White Fathers anayesa kutsegula mishoni kwa Mponda mu 1889, koma anachoka mu 1891 ntchito isanagwire. Ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama m'boma la Ntcheu mu 1901, ndipo mu 1908 anatsegula mishoni ya Utale. Pambuyo pake panadza malo osamalirako odwala khate omwe anatchukitsa dzina la Utale dziko lonse, n'chifukwa chake lero timati Utale 1 ndi Utale 2. Njanji yochokera ku Blantyre inadutsa kuno n'kukafika ku Salima mu 1935, ndipo mu 1970 ina inapatuka pa Nkaya kulowera ku Nayuchi. Sitima inabweretsa anthu a zilankhulo zambiri, ndipo pa msika onse anakumana m'Chinyanja.

Mishoni inatipatsa sukulu ndi mankhwala. Palibe wa kuno angakane zimenezo. Koma inabweranso ndi malamulo: Mkhristu asapite ku chinamwali cha makolo, asathire nsembe kwa mizimu. Makolo ambiri Achisilamu anakaniza ana awo sukulu poopa kuti akabatizidwa, ndipo chilonda chimenecho chinatenga mibadwo kuti chiyambe kupola. Chodabwitsa n'chakuti Chiyao chinali m'gulu la zilankhulo zoyamba kulembedwa m'dziko muno. Amishoni a ku Blantyre ankalalikira m'Chiyao, Alexander Hetherwick analemba buku lophunzirira chilankhulochi mu 1889, ndipo Meredith Sanderson anatulutsa galamala yake mu 1922 ndi dikishonale mu 1954. Mabuku analembedwa, koma mwana wa Chiyao sanawapeze m'kalasi.

Kodi a Chamorro ndani?

A Chamorro ndi eni nthaka a zilumba za Mariana: Guam, Rota, Tinian, Saipan ndi tina ting'onoting'ono, kummawa kwa dziko la Philippines. Guam, chomwe ndi chachikulu pa zonse, ndi masikweya kilomita pafupifupi 540, ndiye kuti chingalowe kanayi m'boma la Balaka. Makolo awo anafika pa zilumbazi pa mabwato zaka pafupifupi 3,500 zapitazo. Ankamanga nyumba pamwamba pa mizati ya miyala yotchedwa latte, mzati uliwonse utavala chipewa chamwala chooneka ngati mbale, ndipo ikuluikulu ikuonekabe pa chilumba cha Tinian. Mabwato awo a matanga, otchedwa sakman, anali aliwiro moti azungu oyamba kuwaona ankati akuuluka. Ndipo monga ife, ankatsata mzere wa kuchikazi. Mwana anali wa mtundu wa mayi ake, malo ankayenda m'manja mwa akazi, ndipo pambali pa mtsogoleri wamwamuna, maga'låhi, pankakhala mtsogoleri wamkazi, maga'håga, yemwe mawu ake sankagwa pansi.

Ferdinand Magellan anakocheza pa Guam pa 6 Malichi 1521. Atasemphana ndi eni dziko pa nkhani ya katundu, anawotcha nyumba, napha anthu, kenako n'kutcha malowo zilumba za mbava. Mu 1668 wansembe wa chipani cha Ajezuiti, Diego Luis de San Vitores, anadzatsegula mishoni, ndipo mfumu Kepuha inamupatsa malo omangapo tchalitchi ku Hagåtña. Ubwenzi sunakhalitse. Ansembe analamula kuti zigaza za makolo zomwe mabanja ankasunga ziwonongedwe, nyumba zophunzitsiramo anyamata ziwotchedwe. Makanda ena atamwalira atangobatizidwa, kunabuka mphekesera yoti madzi a ubatizo ali ndi poizoni. Pa 2 Epulo 1672 San Vitores anabatiza mwana wa mfumu Matå'pang bamboyo atakana, ndipo tsiku lomwelo anaphedwa pamodzi ndi katekisiti wachinyamata Pedro Calungsod, yemwe Mpingo wa Katolika unamulengeza kukhala woyera mu 2012.

Nkhondo ndi asilikali a ku Spain inatenga zaka zoposa 20. Anthu anasamutsidwa m'midzi yawo n'kuunjikidwa pafupi ndi matchalitchi, maulendo a pa nyanja analetsedwa, ndipo nthomba ndi chimfine zinamaliza omwe mfuti inawasiya. Mtundu womwe unali wa anthu zikwi makumimakumi unatsala ndi anthu osakwana 4,000 pa kalembera wa 1710. Amuna ambiri atatha, asilikali ochokera ku Spain, Mexico ndi Philippines anakwatira akazi a Chichamorro. Apa ndi pomwe pali chozizwitsa: ana a maukwati amenewa anakula akulankhula chilankhulo cha amayi awo. Chinatenga mawu ambiri a Chisipanishi, monga momwe ife tinatengera nsapato, kalata ndi kapitawo kwa Apwitikizi, koma sichinafe. Chinapulumuka pa msana pa amayi.

Miyambo yovala zovala zatsopano

Ndikamawerenga za moyo wa a Chamorro lero, ndimangoona ngati akunena za kwathu. Ali ndi liwu loti inafa'maolek, kutanthauza kukonza zinthu kuti zikomere onse, womwe ndi umunthu wathu uja. Ali ndi chenchule', thandizo la ndalama, chakudya kapena manja lomwe munthu amapereka pa ukwati, pa ubatizo ndi pa zochitika zina, ndipo banja limalemba m'kope kuti lidzabweze tsiku la mnzawo likadzafika. Kodi si buku la chipepeso lija timawerenga pa maliro? Kupatsa n'kuika. Mwana akakumana ndi wamkulu amagwira dzanja lake n'kuligunditsa pamphuno, mwambo wotchedwa nginge', monga ife timagwadira ndi kulandira chinthu ndi manja awiri. Amalera ana a abale ngati awoawo, zomwe amati poksai. Ali ndi asing'anga a zitsamba, suruhånu ndi suruhåna. Munthu asanalowe m'nkhalango amapempha chilolezo kwa taotaomo'na, mizimu ya anthu akale, yomwe amati imakhala m'mitengo ikuluikulu ya nunu, yofanana ndi kachere. Makolo athu Achiyao nawo ankathira mbepesi, ufa wa nsembe, patsinde pa mtengo wa msolo.

A Chamorro ambiri ndi Akatolika olimba. Munthu akamwalira, abale amasonkhana masiku asanu ndi anayi kupemphera kolona ndi kudyetsa anthu. Ulemu wakale wa kwa makolo unangolowa m'kolona. Kwathu kuno zinachitikanso chimodzimodzi. Sadaka ya tsiku lachitatu ndi ya tsiku la 40 ili ndi dzina lachiarabu ndipo amatsogolera ndi shehe, koma mtima wake ndi wa mbumba yosonkhana kuperekeza mzimu wa mbale wawo. Lupanda wakale anasanduka jando. Akhristu nawo ali ndi misa ya chikumbutso, kumanga chiliza, ndi chilangizo cha mpingo m'malo mwa chinamwali. Mwambo ndi wochenjera, ukauthamangitsa pakhomo umalowera pawindo utavala mkanjo kapena yunifomu ya chigwirizano.

Chilankhulo chokha sichitha kubisala chotero. Chimafuna pakamwa pa munthu tsiku ndi tsiku.

Pomwe lilime linagwera

Chomwe mfuti za ku Spain zinalephera m'zaka zoposa 200, sukulu inachita m'mibadwo iwiri. America inalanda Guam mu 1898 n'kuipereka m'manja mwa asilikali ake a pamadzi. Mu 1917 boma la asilikaliwo linalamula kuti Chingerezi chokha ndicho chizigwiritsidwa ntchito, ndipo mu 1922 madikishonale a Chichamorro anasonkhanitsidwa n'kuwotchedwa. Ana olankhula chilankhulo cha kwawo pa sukulu ankalangidwa, ena kulipitsidwa ndalama. Kenako kunadza nkhondo yachiwiri ya dziko lonse: Japan inalamulira Guam mwankhanza kuyambira Disembala 1941 mpaka asilikali a America atabwerera pa 21 Julayi 1944. Mu 1950 anthu a pa Guam anapatsidwa unzika wa America. Ntchito zonse zabwino zinali za Chingerezi, ndipo makolo, mwa chikondi chawo, anasiya kulankhula Chichamorro kwa ana kuti asadzavutike. Pomwe chilankhulochi chinkavomerezedwa kukhala cha boma pamodzi ndi Chingerezi mu 1974, m'nyumba zambiri chinali chitazima kale. Lero ochilankhula bwino ambiri ndi okalamba.

Tsopano tiyang'ane manambala athu. Pa kalembera wa 1966, anthu oposa 14 mwa 100 alionse m'Malawi ankalankhula Chilhomwe pakhomo. Pofika kalembera wa 1998 anatsala osakwana atatu. Chiyao chinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 14 kufika pa 10 mwa 100 alionse. Komatu kalembera wa 2018 anapeza kuti Alhomwe ndi pafupifupi 19 mwa 100 alionse, Ayao 13, Angoni 10. Anthu alipo, akuchulukana, malilime ndiwo akutha.

Zifukwa zake tikuzidziwa. Alhomwe ankanyozedwa ndi dzina loti Anguru, mpaka Lewis Bandawe ndi anzake anamenyera kuti boma la atsamunda lisiye kuligwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1940, koma manyazi anali atalowa kale m'mafupa. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha MCP unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi zokha ndizo zizimveka pa wailesi ndi m'sukulu. Nkhani za m'Chiyao, Chilhomwe ndi Chisena zinadzayamba kumveka pa MBC mu 1996. Chaka chomwecho unduna wa maphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, koma lamulolo linathera m'makabati popeza mabuku ndi aphunzitsi sanakonzedwe. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo. Ambiri a msinkhu wanga tikukumbukira chilango chotchetcha udzu chifukwa cholankhula chilankhulo cha amayi pa bwalo la sukulu.

Komabe boma lisasenze mlandu wonse. Ndaona amayi akucheza m'Chiyao pa chitsime, koma mwana akangofika amatembenukira m'Chichewa, ati asamveke wachimidzi akadzapita ku Blantyre. Mwana uja amamva agogo akati "Ajimwiche uli?" koma amayankha kuti "Ndadzuka bwino." Mwana wa mwanayo sadzamva n'komwe. Ndi momwe zinayendera ku Guam: m'badwo woyamba umalankhula, wachiwiri umangomva, wachitatu umakagula dikishonale. Chichewa sindikuchida, ndi chomwe ndikulemberamo pano, ndipo chimatigwirizanitsa. Koma mutu wa mwana si nkhokwe yoti ukathiramo chimanga ndiye kuti mapira asowa malo. Agogo athu ankalankhula zilankhulo zitatu osapita ku sukulu.

Mbumba ndi minda

Chachiwiri chomwe chili pa ngozi ndi nthaka. Kwa Ayao, Amang'anja ndi Alhomwe, mudzi umamangidwa pa mbumba, ndiye kuti alongo ndi ana awo. J. Clyde Mitchell, yemwe anakhala pakati pa Ayao a dera lino la kummwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, anafotokoza dongosolo limeneli m'buku la The Yao Village la 1956. Mwamuna amakakhala chikamwini kwa mkazi, minda imapita kwa ana aakazi, ndipo mwinimbumba, asyene mbumba m'Chiyao, ndi mlonda chabe. Ntchito ya malume ndi kuweruza mikangano, kuimira mbumba pa ukwati ndi pa maliro, ndi kuonetsetsa kuti mlongo wake wamasiye ali ndi polima. Mundawo si wake woti angaugulitse.

A Chamorro anataya dongosolo lotere pang'onopang'ono. Malamulo a atsamunda anasamutsira dzina ndi chuma kuchimuna, ndipo nkhondo itatha asilikali a America anatenga malo ambiri, moti mpaka lero gawo loposa limodzi mwa magawo anayi a Guam lili m'manja mwawo. Lamulo lobwezera malo kwa eni nthaka, Chamorro Land Trust Act, linakhazikitsidwa mu 1975, koma linagona mpaka m'ma 1990 pomwe Angel Santos ndi anzake anachita zionetsero ndi kupita kukhoti. Abale awo a ku Saipan, Tinian ndi Rota anachenjera msanga: anaika m'malamulo awo akuluakulu ndime yoti malo azikhala a mbadwa za zilumbazo zokha.

Kuno kulibe asilikali otilanda minda. Otigulitsa ndife tomwe. Chaka cha chilala, thonje likakanika kapena mtengo wake ukagwa, munthu wa ndalama wochokera m'tauni amafika ndi galimoto, malume amasaina, ndipo alongo amadzazindikira ataona zikhomo m'munda. Lamulo la malo a makolo la Customary Land Act la 2016 limalola kulembetsa malo, ndipo limati m'komiti ya malo ya kwa gulupu, mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu kapena kuposa akhale amayi. Limalolanso kuti malo alembedwe m'dzina la banja kapena gulu. Apa ndi pofunika kutsegula maso. Munda wa mbumba ukalembedwa m'dzina la mwamuna mmodzi chifukwa ndi iye wodziwa kulemba, pepala lija lidzachotsa alongo ndi zidzukulu zawo pa nthaka yomwe mwambo unawapatsa. Amayi a kuno, pitani ku misonkhano ya komiti imeneyi, ndipo mayina anu alowe m'kaundula.

Ndagala: kukonza kapena kugwetsa?

Chachitatu ndi chinamwali. Tchuthi cha Ogasiti chikafika, manganje amamveka midzi yonse. Anyamata amapita ku ndagala kukavinidwa jando pansi pa ngaliba, nakanga ndi alombwe, atsikana amalowa nsondo, ndipo mayi wa mimba yoyamba amalangizidwa pa litiwo. Ena akuti zonsezi zithetsedwe. Ine ndikuti tione kaye zomwe zinachitikira a Chamorro. Anyamata awo ankaleredwa m'nyumba yotchedwa guma' uritao, kwa abale a kuchikazi, komwe ankaphunzira kusema bwato, kuwedza, kumenya nkhondo ndi kuyenda pa nyanja. M'nyumbamo munkachitikanso zachiwerewere, ndipo ansembe anaziwotcha zonse. Choipa chinapita, koma luso la mabwato linapita nacho. M'zaka zaposachedwapa, a Chamorro ofuna kusemanso sakman achita kudalira chithunzi chomwe amalinyero a ku England anajambula mu 1742, ndi kupempha akatswiri a pa zilumba zina kuti awaphunzitse kuyenda pa nyanja poyang'ana nyenyezi.

Ku ndagala ndi ku nsondo kuli zabwino zomwe sukulu siphunzitsa: kulemekeza akulu, kusalowa kuchipinda kwa makolo, kuthandiza pa maliro, kupirira, kudzisamalira pa thupi. Kumenekonso ndi komwe Chiyao chakuya, cha miyambi ndi zining'a, chikupumirabe. Koma kulinso zoipa zosafunika kuzinyengerera. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri alibe nazo ntchito nkhani za m'banja. Kusasa fumbi ndi kuononga mwana, ndipo kwabweretsa mimba, matenda ndi kusiya sukulu. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa miyambo yovulaza, lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mpeni umodzi wa ana ambiri ulibe malo m'nthawi ya Edzi, ndipo madera omwe angaliba amagwira ntchito ndi achipatala aonetsa kuti mwambo suchepa mphamvu mdulidwe ukachitika mwaukhondo. Nyumba ikadontha timafolera denga, sitiyatsa moto.

Tichitepo chiyani?

A Chamorro sanakhale manja lende. Chilankhulo chawo chimaphunzitsidwa m'sukulu za boma pa Guam, mwezi wa Malichi ndi wokumbukira chikhalidwe chawo, ndipo mu 2005 Ann Marie Arceo anayambitsa sukulu ya Hurao komwe ana amaphunzira, kusewera ndi kuimba m'Chichamorro chokhachokha. Akulimbana kuti adzutse chomwe ife tikadali nacho chamoyo. Ifenso tili ndi poyambira. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chilankhulo ndi kutsata chikhalidwe chomwe wasankha. Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba, yomwe inakhazikitsidwa mu 1996, inakonza kalembedwe ka Chiyao ndi zilankhulo zina. Tili ndi Chiwanja cha Ayao, Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Ntcheu, ndi Mulhako wa Alhomwe womwe wakhala ukusonkhana ku Chonde kuyambira 2008. Zikondwerero zimenezi n'zabwino, koma chikhalidwe cha tsiku limodzi pa chaka, cha nsalu yofanana ndi zolankhula za andale, sichiphunzitsa mwana kupereka moni.

Ntchito yeniyeni ili pakhomo, ndipo siifuna thandizo la mabungwe akunja. Mayi wodziwa Chiyao, Chilhomwe kapena Chisena alankhule ndi khanda lake m'chilankhulocho, Chichewa adzachipeza pabwalo ndipo Chingerezi adzachipeza m'kalasi. Achinyamata omwe muli ndi mafoni, khalani pansi ndi agogo, muwajambule akufotokoza komwe mbumba inachokera, mayina a makolo, malire a minda, mankhwala a zitsamba ndi nthano. Mbumba iliyonse igule kope limodzi lolembamo zimenezi, lisungidwe ndi mayi wamkulu wa pamudzi. Mashehe ndi ansembe apereke mpata wa chilankhulo cha anthu m'madrasa ndi m'miphakati. Mafumu aziyamba milandu ndi misonkhano m'chilankhulo cha makolo awo, womasulira alipo. Aphunzitsi asiye kulanga mwana chifukwa cha lilime la amake. Ndipo ku mishoni, komwe kwakhala zolembedwa kuyambira 1908, kungakhale bwino patapezeka kachipinda kosungiramo mbiri ya dera lino, komwe Msilamu ndi Mkhristu yemwe angakawerenge za makolo ake.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo likuphwa. Agogo omwe anamva nkhani za Kawinga ndi za thangata kuchokera kwa anthu omwe anaziona ndi maso atsala owerengeka, ndipo chaka chilichonse timaika ena m'manda pamodzi ndi zonse zomwe akudziwa. Wa ku Utale, wa ku Nkaya, wa ku Ulongwe kapena wa ku Ntaja yemwe agogo ake akadali moyo, apite akawaone sabata ino, atenge kope ndi cholembera.